Wakuba Wosagwada

Chaka chimenecho, chitaganya chitangoyamba kumene, mtsinje wa Kavizi udauma msanga. Pofika mwezi wa Seputembala mudangotsala mchenga woyera, wotentha moti ngakhale nkhuku zinkawoloka mothamanga. Mudzi wonse wa Kamphata, cha ku Zemba kuja, unkamwa pa kachitsime kamodzi kamene amayi adakumba mumchenga momwemo, patsinde pa mkuyu. Amesenjala a ku boma adabwerapo kudzatiuza kuti tikumbiridwa chitsime cha simenti. Adadya nkhuku yathu, adasamba m'manja ndi madzi athu, n'kumapita. Sitidawaonenso.

Ine ndine Filimoni. M'mudzimo ndidali mkamwini, kutanthauza munthu wa ntchito zambiri ndi mawu ochepa. Ndidakwatira Mailesi, mwana woyamba wa a Nambewe. Mng'ono wake Lonia adakwatiwa ndi Zebron, woluka mphasa wochokera kuseri kwa phiri, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Ukamufunsa kanthu ankayamba wayang'ana pansi ngati yankho adaligwetsa pamenepo. Lonia ndiye adali moto. Anthu ankadabwa kuti awiriwa amakambirana chiyani m'nyumba, koma ankakondana, ndipo adali ndi kamwana kakakazi, Kristina, kongoyamba kumene kuyenda.

Madzi a mumchenga sathamanga. Amabwera pang'onopang'ono, ndipo ukawakakamiza umangotunga matope. Choncho amayi adapangana. M'mawa nyumba iliyonse inkatunga mtsuko umodzi. Dzuwa likakwera ankavundikira chitsime ndi mphasa yakutha, n'kuikapo minga kuti mbuzi zisafike, madzi adzisonkhanitse. Dzuwa likapendeka, mtsuko wina umodzi. Masana sipankaloledwa munthu aliyense. Woyang'anira adali apongozi anga a Nambewe. Palibe adawasankha, adangodzuka tsiku lina atadzisankha okha, ndipo padalibe wolimba mtima woti n'kuwatsutsa. Adazika bango m'chitsimemo n'kulichekerera ndi mpeni pamalo pamene madzi ankayenera kufika madzulo.

Madzulo ena madzi sadafike pa chizindikirocho. Mawa lake chimodzimodzi. A kumapeto kwa mzere adayamba kubwerera ndi theka la mtsuko, lamatope. A Nambewe adati chitsime sichidwala chokha, pali dzanja la munthu.

Kuyambira pamenepo mudzi udaipa. Woyamba kunenedwa adali Monika, chifukwa ankafulula mowa, ngakhale chaka chimenecho adali atasiya kalekale. Adatulutsa mbiya zake zonse pabwalo, zouma, muli akangaude, akulira ndi ukali. Kenako Akatolika adati ndi a kudambwe akutengera madzi zilombo zawo, a kudambwe nawo adati ndi Akatolika akusambitsa aphunzitsi awo. Mayi akapita kukapala moto kwa mnzake, maso ankathamangira kumtsuko. Mwana akaoneka woyera kumaso, amake ankafunsidwa kuti madzi omusambitsa awapeza kuti. Ndidaona ndi maso anga mkazi wanga akupaka mwana wathu fumbi m'masaya asadamutulutse panja. Zidandinyansa, koma sindidamuletse.

A Nambewe adali ndi nzeru, zimenezo sindingawamane. Tsiku lina atavundikira chitsime adathyola nthambi n'kusesa mchenga wonse wozungulira, akuyenda chafutambuyo. Madzulo adaletsa amayi kuyandikira, adapita okha, adayang'ana nthawi yaitali, kenako adaitana anzawo.

"Taonani apa," adatero. "Mawondo ali kuti?"

Chitsime chija chidali chitalowa pansi, ndipo mkazi aliyense potunga ankagwada, n'kusiya timaenje tiwiri ta mawondo ndi chikhatho chimodzi chotsamira. Apa padali mapazi okha, otangadza, zidendene zitalowa mumchenga. Munthuyo adachita kunyonyomala. Mapazi ena adawafafaniza pochoka, koma a m'mphepete mwenimweni adawaiwala. Ndipo chikho chotungira adachisiya chagada pamchenga, pomwe ngakhale kamtsikana kosatha kudzimanga nsalu kamadziwa kuti chikho amachikoleka chozondotsa pa chikhomo.

"Wakuba uyu sagwada," adatero a Nambewe. "Ndi mwamuna."

Amayi adayamba aseka, ena mpaka kukhala pansi. Kenako kuseka kudatha, aliyense ataganiza bwino. Masiku amenewo kwathu mwamuna sankasenza madzi. Kumwa pamtsinje ndi manja ankamwa, koma kutunga n'kusenza ayi. Wotero ankanenedwa kuti mkazi adamudyetsa khuzumule, mankhwala aja opusitsa mwamuna, ndipo nyimbo yake inkaimbidwa pamtondo mpaka atakalamba. Tsono ngati mwamuna akuba madzi masana, sakutengera mkazi wake, poti mkazi wake ali kale ndi mtsuko pamzere. Akutengera mkazi wina.

Maso onse adatembenukira kwa ife akamwini. Ana a m'mudzi saba, paja, amaba ndi obwera. Mwambo sunkalola a Nambewe kulankhula nafe maso ndi maso, ndiye ankalankhula ndi nkhuku ife tili pafupi.

"Inu nkhuku, muwauze alendo a m'mudzi muno kuti bango langa lili ndi maso."

Mlongo wawo a Ezara, amene adali mwini mbumba, sadadzere kwa nkhuku. Adatisonkhanitsa pamthunzi n'kunena mosapsatira.

"Amene tim'gwire, atenge nkhwangwa yake ndi bulangete lake azipita kwawo. Mkazi ndi wathu, ana ndi athu. Sindifunsa zambiri, ndingofunsa ngati adatunga masana. Wamva wamva."

Madzulo ake Mailesi adandiitana mwachikondi kuti andione nsabwe. Ndidatsamira pamiyendo yake ndikusangalala, mpaka ndidazindikira kuti zala zake zikungozungulira pakati pa mutu. Ankafuna chizindikiro cha nkhata. Ndidadzuka nditapsa mtima, ndipo mawa lake lonse sitidalankhulane. M'nyumba zonse za akamwini zidali zomwezo. Mwamuna akachedwa kuthengo, pobwera ankagwiridwa malaya kumsana kuti aone ngati anyowa.

A Ezara adalamula kuti masana pachitsime pazikhala alonda, ndipo ntchito ya padzuwa ngati imeneyo ikadagwera yani kupatula ife tomwe oganiziridwafe? Ankatiika awiriawiri kuti wina azilonda mnzake. Tinkakhala pansi pa mkuyu moyang'anana ngati atambala, aliyense akuti mumtima wakuba ndi uyu. Madzi adayambanso kufika pa chizindikiro.

Ndili pa ulonda pomwepo ndi pamene ndidayamba kumuyang'anitsitsa Zebron. Iye yekha adali ndi chifukwa chopezekera kumtsinje masana, poti ankadula bango la mphasa zake. Tsiku lina adadutsa ndi mtolo paphewa, adatipatsa moni, n'kuima pang'ono akuyang'ana minga ija.

"Mulondera mpaka liti?" adafunsa.

"Mpaka mvula," ndidatero. "Bwanji, tikukutsekerezani njira?"

Adayang'ana pansi. Milomo yake idali yong'aluka kuposa yathu tonse. Potembenuka ndidaona tsitsi lake pakati pa mutu litagona. Sindidauze munthu, koma mtima udandiwawa kwambiri. Ine kununkha thukuta, kufufuzidwa m'mutu ngati mwana, chifukwa cha bambo wofatsayu?

Mkazi wakenso ndinkati ndikumudziwa. Kwawo kwa Zebron kudali Imelda, amene adatomerana naye ali achinyamata, ndipo tidamva kuti ukwati wake watha, wabwerera kwawo. Chaka chapitacho Zebron adali atatuma ankhoswe kudzapempha kuti atenge Lonia chitengwa, akakhale naye kwawoko, ati amayi ake a Nankhoma akalamba. A Nambewe adakana, adati gogoyo ali ndi Veronika, mwana wa mng'ono wake, womusamala. Lonia naye adaseka pamaso pa anthu, amvekere, "Ine ndisiye amayi anga ndikakhale wotungira anthu madzi kuseri kwa phiri?" Zebron sadaibwerezenso nkhaniyo. Tsopano ndikaikumbukira ndinkati, ohoo, n'chifukwa chake ankalimbikira zobwerera kwawo.

Patapita masiku Lonia adandipeza ndikusema mpini kuseri kwa nkhokwe. Pakati pa ine ndi iye padali chilamu, tinkanyozana momasuka, koma tsiku limenelo sadabwere ndi nthabwala.

"Alamu, mwamuna akasamba, pansi pamatani?"

"Pamanyowa. Kapena kwanu kuno zimasiyana?"

"Kubafa kwanga n'kouma gwa. Ndimadzimana ine, ndimam'mana mwana, kuti ndim'funditsire timadzi mu mkhate asamanunkhe ngati inuyo. Amalowa, amakhalitsa, amatuluka mu mkhate mulibe kanthu, pansi pali fumbi lokhalokha. Akumwanso samwa. Ndikam'patsa chikho amati ndimwa bwino, n'kuzungulira nacho kuseri."

Ndidaika kasemasema pansi.

"Chiyambire ulonda wanuwu, wasiya kuba kuchitsime, akuba kwa ine. Madzi osenza ine ndi khosi langali, akusamba Imelda!"

"Mwam'funsa?"

"Ndim'funse kuti ayang'ane pansi? Ndikufuna ndione ndi maso angawa. Mawa mundiperekeze, mukakhale mboni. Amayi ndawauza kale, atsibweni akatidikira pabwalo pobwera. Ndikam'peza, azipita."

Adanena kuti azipita, koma misozi idali ikutsika, ndipo ankaipukuta mwaukali ngati nayonso yamulakwira. Ndidamumvera chisoni. Ankamukonda mwamuna uja, ndipo chimenecho ndi chimene chinkamupweteka koposa madziwo.

Mawa lake dzuwa lili pamutu Zebron adanyamula mtolo wa bango, adati akukapereka kwa munthu wina ku Pembamoyo. Adayambadi njira ya ku Pembamoyo. Atalowa m'tchire adaima, adayang'ana uku ndi uku, adapota nkhata ya udzu n'kusenza mtolo uja pamutu, bwinobwino, wosapendeka, kenako adakhotera njira ya kuphiri. Bango louma salisenza mwaulemu choncho. Lonia adandifinya mkono mpaka zikhadabo zidalowa.

Tidamutsatira chapatali. Tchire lidali litapsa, mitengo ilibe masamba, pobisala padali povuta. Mwayi wake munthu wosenza sacheuka. Ankayenda ngati mwana wongophunzira, khosi lili chilili, dzanja limodzi m'mwamba, mapazi akufufuza miyala. Tsiku lina ndikadaseka mpaka kugwa. Nyenje zinkalira m'makutu, phulusa linkatilowa pakhosi, ndipo ine ndinkangoganiza za madzi ali pamutu pa munthu uja. Lonia ankayenda patsogolo panga akung'ung'udza, akukonza mawu oti akamuuze Imelda. Ena ndidawamva, ndipo sindingawabwereze.

Titafika pamwamba tidauona mudzi wa kwawo. Udali zii, kunja kulibe munthu kupatula agalu ogona m'mithunzi ya nkhokwe. Tidamva pambuyo pake kuti chitsime chawo chidauma kale, ndipo amayi onse ankalawirira ku mtsinje waukulu n'kubwera madzulo, aliyense ndi mtsuko wa pakhomo pake.

Nyumba ya Imelda idali koyambirira, ya chitseko cha matabwa. Lonia adawerama n'kutola mwala. Zebron adaidutsa nyumbayo osachepetsa ndi liwiro lomwe.

"Akuzungulira dala," adanong'ona Lonia.

Koma iye adapitirira mpaka kumapeto kwa mudzi, pa kanyumba ka denga lopendekera mbali imodzi. Adatula mtolo, adaumasula, n'kutulutsa pakati pa bango chipanda chotseka ndi chitsononkho. Adalowa nacho. Posakhalitsa adatuluka, adatenga nkhwangwa pakhonde n'kulowera kutchire kukafuna nkhuni.

"Kumeneku ndi kwa amake," ndidatero.

"Ndiye kokumanirana kwake kumeneko. Veronika ndiye amawalondera pakhomo. Tiyeni."

Munthu akakhala kuti watsimikiza, chilichonse chimene waona chimangomuvomereza. Inenso ndidaona ngati zikumveka.

Lonia adalowa osaodira. Ine ndidaima pakhomo. M'nyumbamo mudalibe Imelda, mudalibenso Veronika. Mudali a Nankhoma okha, atakhala pamphasa, owonda, maso atachita ng'ala, atagwira chikho ndi manja awiri ngati wina awalanda. Pambali padali mtsuko waukulu, madzi ake ongokwanira kubisa pansi pake. Pamafuwa padali phulusa lozizira, ndipo nsalu ya munthu wachiwiri idalibemo m'nyumbamo.

"Ndani?" adafunsa gogoyo.

Lonia adatsegula pakamwa, koma mawu onse amene adawakonza m'njira adakanirira. Mwala uja udali udakali m'manja mwake.

"Ndine amake Kristina."

A Nankhoma adaika chikho pansi mosamala, n'kuyamba kuomba m'manja pang'onopang'ono.

"Mayo ine, mwabwera nokha lero? Senderani kuno ndikugwireni. Ndimati ndifa ndisadakuthokozeni."

Lonia adagwada, adaika mwala uja kumbuyo kwake mwakachetechete. Manja a gogoyo adamupapasa kumaso, m'masaya, n'kudzaima pakhosi.

"Khosi limeneli ndi limene landisunga. Chichokere Veronika kutsata mwamuna wake ku migodi, bwenzi nditauma ngati chikuni. Ine ndidabala amuna okhaokha, mwana wanga, onse adapita kukamanga midzi ya eni. Anzanga kuno amandigawira akakumbukira, koma nawo ali ndi ana, sindingawadandaule. Ndiye Zebuloni akabwera amati, amayi, apongozi anu apatula pa mtsuko wawo, ati ndidzere kutchire anthu angandiseke. Ine ndimati, mwana wa eni ameneyu ndidam'chitira chiyani? Ngakhale kansalu sindidam'patsepo."

Ndinkaona msana wa Lonia ukugwedezeka.

"Masiku ano madziwo achepa, ndadziwa kuti kwanunso zavuta, musadandaule. Koma ndamva akununkhira kautsi. Ndati taonani, ayambanso kundiphitsira ngati asisitere a kumishoni."

Ndidamva nkhuni zikugwa kumbuyo kwanga. Adali Zebron. Adandiona ine, adasuzumira n'kuona mkazi wake atagwada pamphasa ya amake. Sadathawe. Adangoyang'ana pansi, ndipo ulendo uno sizidandikwiyitse. Ankadziwa chimene chatibweretsa, ankadziwanso chimene chikumudikira kumudzi.

"Si choncho, mwana wanga?" adafunsa a Nankhoma. "Mumaphitsa?"

Lonia adapukuta maso ndi nsonga ya nsalu.

"Inde, amayi. Ndimaphitsa."

Adakhala pang'ono, adasesa m'nyumba, adakoleza moto, adaphika kaphala ndi timadzi tija. Gogoyo ankangolankhula, akufunsa ngati Kristina wamera mano, ngati a Nambewe ali bwino, akuti akawapatsire moni chifukwa adalera mwana wamtima.

Pobwerera tidayenda mondondozana mpaka pamwamba pa phiri. Pamenepo Lonia adaima osatembenuka.

"Bwanji osandiuza?"

"Ndidanenapo," adatero Zebron. "Mudaseka."

Sadanene mokwiya. Adangonena ngati munthu wouza mnzake kuti kunja kwatentha. Lonia adayambanso kuyenda, mofulumira, moti tinkachita kumuthamangira.

Tidafika dzuwa litapendeka. Pabwalo padali podzaza, ngakhale amayi oyenera kukhala pamzere wa kuchitsime adali pomwepo ndi mitsuko yawo. A Ezara adakhala pa mpando wawo wachikopa, a Nambewe chapambali atatifulatira ife akamwini monga mwa mwambo. Pakhomo pa Zebron wina adali atatulutsa kale bulangete lake, atalipinda, nkhwangwa ili pamwamba.

"Mwaona chiyani kumeneko?" adafunsa a Ezara.

Zoona zake zidali zoti Zebron adatunga masana, ndipo a Ezara adali atanena kale kuti safunsa zambiri. Kuwauza za gogo wa mudzi wina sikukadabweza madzi a ana a m'mudzi uno. Zebron adayamba kusendera kutsogolo kuti akagwade, koma Lonia adamudutsa n'kugwada iye.

"Atsibweni, wakuba ndine. Ndinkam'tuma ndine. Apongozi anga ali okha, alibe wowatungira. Ndinkaopa amayi, ndiye ndinkam'tuma masana. Iye ankakana, ine n'kumam'kakamiza."

Pabwalo padabuka phokoso. A Nambewe adaiwala mwambo, adatembenuka n'kuyang'ana tonse m'maso.

"Ukunama iwe! Dzulo lomweli umalira pakhomo panga za Imelda!"

"Ndimafuna musandiganizire, amayi."

"Mwana wobala ine, kubera mudzi wako chifukwa cha nkhalamba ya eni?"

Zebron adatsegula pakamwa, koma mkazi wake adamuyang'ana kamodzi kokha, iye n'kutseka. A Ezara adakweza dzanja kuti anthu akhale chete, n'kutembenukira kwa ine.

"Inu a Filimoni, mudapita ngati mboni. Mwamva chiyani?"

"Ndamva gogoyo akunena yekha kuti madzi amatumiza ndi apongozi ake," ndidatero. "Wathokoza mpaka kum'gwira pakhosi. Za Imelda sindidaone ngakhale nsalu yake."

Sindidaname ngakhale liwu limodzi. A Ezara adandiyang'ana nthawi yaitali, adayang'ana Lonia, adayang'ana bulangete lija. Sadali munthu wopusa, ndipo ndikhulupirira kuti adadziwa. Koma mkamwini amathamangitsidwa, mwana wa m'mudzi ungamuthamangitsire kuti? Adagamula kuti nyumba ya Lonia izitunga kamodzi kokha patsiku mpaka mvula itagwa, kubweza madzi a anthu, ndiponso kuti Lonia akapepese kwa Monika ndi nkhuku.

Chilango chenicheni chidali china. Anthu asadabalalike n'komwe ndidamva amayi akunong'onezana kuti ndiye adam'dyetsadi, mwamuna wamkulu kum'senzetsa nkhata. Sabata isadathe nyimbo idali itapekedwa, yotchula maina onse awiri, ndipo atsikana ankaiimba pamtondo mokweza akaona Lonia akudutsa. Akazi amene adakula naye adasiya kukhala naye pamphasa, ati angawaphunzitse mankhwala. A Nambewe sadapondenso pakhomo pake. Akafuna kumuuza kanthu, naye ankamuuza kudzera kwa nkhuku.

M'mawa wotsatira mlandu uja ndidali m'mbali mwa njira ndikukonza mpanda wa khola. Ndidamuona Lonia akuchokera kuchitsime ndi mtsuko wake umodzi uja. Adalowa m'nyumba, adapungulira pang'ono mu kamphika, adabereka Kristina, n'kusenzanso mtsukowo. Sadadzere kutchire. Adadutsa pakati penipeni pa mudzi, pafupi ndi mitondo, pamaso pa amayi ake, n'kulowa njira ya kuphiri. Zebron adali kumbuyo kwake, manja ali lende, osadziwa pomwe angawaike.

Podutsa pamene ndidali ine, Lonia adalankhula osatembenuza mutu chifukwa cha mtsuko.

"Inu, munthu wamkulu kusiya chikho chagada? Mukadandifunsa bwenzi nditakuphunzitsani kuba kwake."

Zebron adaseka. Chibwerere m'mudzi muja ndidali ndisadamumvepo akuseka mokweza. Mapewa a Lonia nawo adayamba kugwedezeka, n'kugwira mtsuko ndi dzanja.

"Musandiseketse, angatayike," adatero, mawu atasintha. "Awa ndi a amayi. Otsala kunyumba aja ndi a mwana. Ine ndi inu tidzamwa mvula ikagwa."

Ndidakweza maso kuyang'ana kumwamba. Kudalibe ndi kamtambo komwe.